Geni ya mayi imaima kapena kugwa pakhomo

Tikamakambirana zotukula amayi akumudzi pa chuma, nkhani imathamangira ku mpamba. Pamisonkhano ya bungwe lathu, kumphakati ngakhale kubanki mkhonde, dandaulo limakhala lomwelo: tikanapeza mpamba tikanayambiranso. Dandauloli ndi loona. Koma pali funso lina limene sitikonda kulifunsa: mpambawo ukapezeka n'kulowa m'nyumba, umakapezamo zotani?

Amayi awiri a m'mudzi umodzi amatha kutenga ngongole yofanana tsiku limodzi, n'kuyamba geni yofanana pamsika umodzi. Pakatha miyezi ingapo, wina benchi lake ladzaza katundu, wina akuzemba anzake a m'gulu chifukwa walephera kubweza. Tikafufuza bwino, timapeza kuti onse awiri ndi akhama ndipo onse amadziwa kuwerengera. Chimene chawasiyanitsa ndi anthu amene amakhala nawo: amuna awo, ana, apongozi ndi achibale. M'nkhani ino tiona kuti thandizo la banja limene limadzutsa geni ya mayi ndi lotani kwenikweni, ndiponso chifukwa chake lafunika kwambiri chichokereni mliri wa Covid-19.

Zimene mliri unatisiyira

Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 Malichi 2020, ndipo sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Ana anayamba kubwerera kusukulu mu Seputembala ndi Okutobala, koma mu Januwale 2021 matenda anabweranso mwamphamvu, n'kutenga anthu ambiri kuphatikizapo nduna ziwiri za boma.

Kwa mayi wakumudzi, masiku amenewa anali ndi tanthauzo lakelake. Amene ankagulitsa mandasi, zitumbuwa ndi nthochi pageti la sukulu anadzuka m'mawa wina makasitomala ake onse atapita. Maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano zitachepa, otelala ndi ophika zakudya anasowa ntchito. Mabanja amene ankadalira ndalama zochokera ku Joni anaona thandizo likuuma, chifukwa dziko la South Africa linatseka ntchito zambiri kuyambira kumapeto kwa Malichi 2020, ndipo abale athu ambiri anabwerera pamabasi kudzera pachipata cha Mwanza ali chimanjamanja. Magulu ambiri a banki mkhonde anavutika kukumana, ndipo ngongole zinayamba kubwezedwa mochedwa.

Pamene ndalama zinasiya kulowa, pakamwa podyetsa panachuluka. Ana anali pakhomo tsiku lonse, obwera kuchokera kutauni ndi kunja anafunika nsima, odwala anafunika owasamalira. M'mabanja ambiri ndalama imene inali pafupi inali mpamba wa mayi, ndipo ndi umene unadyedwa poyamba. Palibe amene angadzudzule mayi amene anagula ufa ndi mpamba wake kuti ana asagone ndi njala. Koma tiyenera kunena chilungamo: geni za amayi ndi zimene zinasenza mabanja pa nthawi ya mliri, ndipo zambiri zinathera pomwepo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso chiopsezo chadzidzidzi padziko lonse. Komabe mpata wopumira sunapezeke. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba, makamaka m'chigawo cha kummwera. Kolera inavuta mu 2022 ndi 2023. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho mayi amene akuyambiranso lero akufunika mpamba wokulirapo kuti aode katundu yemweyo amene ankaoda kale, ndipo kabowo kakang'ono kotayira ndalama pakhomo n'kokwanira kumiza geni yonse.

Mpamba ndi mbewu, phindu ndiye chakudya

Thandizo loyamba limene banja lingapereke ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Mlimi aliyense amadziwa kuti mtedza wosungira mbewu sakazinga, ngakhale ana alire bwanji. Mpamba nawonso ndi mbewu. Vuto ndi lakuti ndalama zimafanana, ndipo zikakhala pansonga ya chitenje palibe amene amadziwa kuti iyi ndi mbewu, iyi ndi yodya.

Tiyeni tiyerekeze. Mayi wabwereka K100,000 kubanki mkhonde, ndipo gulu lawo linagwirizana chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Ndiye kuti pakutha pa mwezi ayenera kubweza K120,000. Akuoda tomato n'kumagulitsa, ndipo akachotsa thiransipoti, chiphaso cha msika ndi tomato woola, akupeza phindu la K12,000 pamlungu. Pa milungu inayi ndi K48,000. Akachotsapo chiwongoladzanja cha K20,000, phindu lake lenileni ndi K28,000. Geni imeneyi ikuyenda bwino.

Tsopano tilowe m'nyumba. Tsiku lililonse pakutengedwa K1,500 ya ndiwo, sopo, mchere kapena kuchigayo. Pa masiku 30 yakwana K45,000. Tsiku lina bambo atengako K10,000 n'kunena kuti abweza akalandira za ganyu. Tsiku lobweza ngongole likafika, mayi ali ndi K93,000 pamene gulu likufuna K120,000. Yaperewera K27,000. Palibe amene waba, palibe amene wawononga mwadala, koma geni yopindulitsa yasanduka ngongole. Apa m'pamene mayi amalowa gulu lachiwiri kuti abweze ngongole ya gulu loyamba, kapena kupita kwa akatapila. Mapeto ake timawadziwa: kulandidwa ziwiya, malata kapena mbuzi, ndi manyazi amene amachititsa ena kusiya kubwera ngakhale kumapemphero.

Banja lothandiza limagwirizana malamulo osavuta. Ndalama ya geni ikhale ndi malo ake, osasakaniza ndi ya pakhomo. Mayi azidzilipira ndalama yodziwika pamlungu, yochokera pa phindu, ndipo imeneyo ndiyo izilowa m'khitchini. Aliyense wotenga katundu pabenchi, kaya ndi mwana kaya ndi bambo, alipire kapena zilembedwe m'kope. Ngati mayi savutika kugulitsa koma amavutika kulemba, mwana wa sukulu angathe kumakhala naye pansi madzulo n'kumalemba zolowa ndi zotuluka. Ndipo m'miyezi yoyamba, pamene geni ikadali yanthete, bambo apitirize kusenza ndiwo ndi chigayo monga kale. Abambo ena akangoona kuti mayi wayamba geni amapinda manja n'kusiya kugula chilichonse. Kuteroko ndi kukolola chimanga chisanakhwime.

Nthawi nayonso ndi mpamba

Thandizo lachiwiri ndi nthawi. Tsiku la mayi wakumudzi limayamba kusanache: kusesa, kumjigo, kuphika phala, kumunda, kutola nkhuni, kuphika, kuchapa, kusamalira ana ndi okalamba. Wina akagonekedwa kuchipatala, amene amakadikirira ndi kuphikira wodwalayo amakhala mayi. Geni ikawonjezeredwa pamwamba pa zonsezi popanda kuchotsapo kanthu, mayi amafika pamsika mochedwa ogula atabalalika, amalephera kupita kooda kotchipa chifukwa n'kutali, ndipo thupi limatopa mpaka kudwala. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene akugwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, kudya kamodzi patsiku, akuika pa chiswe moyo wake ndi wa mwana.

Ndiye funso lofunika pakhomo ndi ili: tsiku la msika, ndani atunge madzi, ndani aphike, ndani aone ana? Bambo amene ali ndi njinga angathe kubweretsa zigubu za madzi ulendo umodzi zimene mayi akanazisenza maulendo anayi. Angathenso kunyamula dengu la katundu kukasiya kumsika, ndalama ya kabaza n'kupulumuka. Anyamata aphunzire kuphika ndi kutsuka mbale monga alongo awo. Agogo ndi apongozi angathe kuona ana aang'ono, ndipo kumene kuli sukulu ya mkombaphala, ana apite kumeneko. Mbaula ya Chitetezo imachepetsa nkhuni ndi utsi, ndiye maulendo a kunkhuni amachepanso.

Pano tichenjezane kwambiri. Njira yapafupi imene mabanja ambiri amatenga ndi kutula ntchito zonse za mayi pa mwana wamkazi. Mtsikana amajomba kusukulu tsiku la msika, kenako masiku awiri, kenako wasiyiratu. Ena amatumidwa kukagulitsa malonda mpaka usiku, kumene amakumana ndi anthu owanyengerera. Tisaiwale zimene zinachitika sukulu zitatsekedwa mu 2020: kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Malamulo a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kukwatiwa, komanso ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Geni imene yakula pochotsa mwana pasukulu yangosamutsa umphawi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wake.

Ndani ali ndi mawu pa ndalama?

Thandizo lachitatu ndi lovuta kulikamba, koma ndi limene limamanga kapena kugumula zonse. Mayi angathe kulima, kukolola ndi kugulitsa, koma ngati alibe mawu pa ndalama yotulukapo, mphamvu zimamuthera. Tonse tinaonapo izi: mtedza, soya kapena nandolo zimatchedwa mbewu za mayi pamene zili za ndiwo, koma mavenda akangokhazika sikelo, matumba amatuluka panjinga ya bambo ndipo mayi sadziwa mtengo wake. Chaka chotsatira, mayi ameneyu adzalimbikira chifukwa chiyani?

Palinso chizolowezi chimene chagwetsa amayi ambiri. Bambo amatuma mkazi wake kuti akatenge ngongole kubanki mkhonde, ndalama n'kuigwiritsa ntchito yekha, koma dzina lolembedwa m'buku la gulu ndi la mayi. Tsiku lobweza, wochita manyazi ndi mayi. Mbali inayo, amayi ena amatenga ngongole mwachinsinsi, m'magulu awiri kapena atatu, banja n'kudzadziwa pamene anthu afika kudzanyamula katundu. Zonse ziwirizi zimachokera pa muzu umodzi: m'nyumbamo nkhani ya ndalama sikambidwa poyera.

Mankhwala ake ndi kukhala pansi limodzi, makamaka nthawi ziwiri pachaka: pokolola ndi pogawana masheya. Bambo ndi mayi aike pamphasa zonse zimene zalowa, za kumunda, za geni ndi za ganyu, n'kugwirizana kuti chakudya chosunga ndi chingati, fizi ndi zingati, feteleza ndi zingati, ndipo zobwerera ku geni ndi zingati. Kuulula kukhale kwa mbali zonse. Sizingatheke kuti mayi aziwerengetsa tambala iliyonse pamene ndalama ya fodya kapena ya ganyu ya bambo ili chinsinsi. Ngati mayi amalandira kapena kusunga ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ikhale yolembetsedwa m'dzina lake ndipo nambala yachinsinsi aziisunga yekha.

Nsanje nayo imapha geni. Kuoda kumafuna kuyenda, ndipo kugulitsa kumafuna kulankhula ndi anthu, amuna omwe. Bambo amene amakayikira mkazi wake nthawi iliyonse akachedwa kumsika amamutsekera njira. Nthawi zina moto umakolezedwa ndi apongozi kapena alamu ndi mawu akuti mkazi wa ndalama ndi wamwano. Mawu amodzi a apongozi oyamikira mpongozi wawo pamaso pa mwana wawo amatha kuzimitsa moto umenewu kuposa ankhoswe khumi. Ambiri a ife m'bungwe lino ndife apongozi a wina wake, ndiye nkhaniyi ikutikhudza mbali zonse ziwiri.

Tidziwenso kuti kulanda mkazi ndalama zimene wapeza, kumuletsa kugwira ntchito pofuna kumupondereza, kapena kumana banja chithandizo mwadala, ndi nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za pa chuma pamodzi ndi zomenya. Nkhani zotere zikakanika kwa ankhoswe ndi alangizi a mabanja, zingapite kuofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi kapena kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma.

Achibale, malo ndi katundu

Kwathu kuno banja silithera pa bambo, mayi ndi ana. Achibale angathe kukhala mzati wa geni: mlongo wa kutauni amene amapeza ogula, malume amene amabwereketsa dimba, mlamu amene amaperekeza ndi ngolo. Angathenso kukhala chiswe. Mawu akuti "ndipatseniko ndidzapereka mawa" atseka maokala ambiri kuposa akuba. Kuthandizana ndi chikhalidwe chathu chabwino, ndipo kupatsa n'kuika. Koma chopatsa chichoke pa phindu. Ndi bwino kupatula kandalama kodziwika kothandizira achibale, ndipo kakatha, bambo ndi mayi ayankhe ndi mawu amodzi, kuti mayi asamaoneke woipa yekha.

Nkhani ya malo ndi yofunikanso, chifukwa munthu sabzala mitengo ya zipatso kapena kumanga khola lolimba pamalo pamene akuopa kudzathamangitsidwa. Kumene kuli chikamwini, munda umakhala wa kuchikazi, komabe mawu omaliza nthawi zambiri amakhala a malume kapena a bambo, ndipo akamwini ena safuna kutukula pakhomo poti si kwawo. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, mayi amalima munda wa kuchimuna, ndipo mwamuna akamwalira amatha kutsala opanda pogwira. Mliri unasiya amayi amasiye ambiri, ndipo ena mwa iwo anataya mwamuna ndi katundu mwezi umodzi.

Malamulo alipo otiteteza. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati mu komiti yoona za malo, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Koma chitetezo champhamvu chimayambira m'banja momwemo, anthu akadali moyo. Bambo amene amauza abale ake poyera kuti makina osokerawa, mbuzi izi ndi dimba ili ndi za mkazi wake ndi ana, ndipo amalemba wilo, wachita chikondi chimene chidzagwirabe ntchito iye atapita.

Kukonzekera tsoka lina

Phunziro lalikulu la zaka zapitazi ndi lakuti tsoka silipangana ndi munthu. Banja limene lilibe pothawira lidzadyanso mpamba wa mayi matenda, maliro kapena chilala zikadzafika. Choncho kuteteza geni kumafuna kuti pakhale thumba lina la zadzidzidzi. M'magulu a banki mkhonde muli kale kathumba kothandizana pa mavuto, ndipo n'kofunika kukalemekeza. Pakhomo, nkhuku zachikuda ndi mbuzi ndi nkhokwe yoyenda, bola nkhuku zizilandira katemera wa chitopa pa nthawi yake. Kugulitsa chimanga chonse mu Meyi pamtengo wolira n'kudzagulanso mu Januwale pamtengo wokwera ndi njira ina imene mpamba umathera. Ndipo matenda akayamba, kupita kuchipatala msanga kumapulumutsa moyo ndi ndalama zomwe.

Nanga bungwe lathu lichitepo chiyani?

Choyamba, maphunziro a za geni asamakhale a amayi okha. Kamodzi kapena kawiri pachaka, tiitane amuna athu ndi apongozi kuti chitsanzo ngati cha K100,000 chija tiwerengere limodzi pabolodi. Abambo ambiri sadziwa kuti K1,500 ya tsiku ndi tsiku ndiyo imagwetsa geni, ndipo akaona masamu ake amamvetsa popanda mkangano. Tigwirizane ndi bungwe la abambo ndi alangizi a mabanja kuti nkhani ya ndalama izikambidwanso pokonzekeretsa achinyamata ukwati.

Chachiwiri, magulu athu a banki mkhonde azifunsa asanapereke ngongole: ndalamayi ikukagwira ntchito yanji, wokaigwiritsa ntchito ndani, ndipo muli ndi ngongole ina kwina? Mafunso amenewa amateteza mnzathu. Alangizi a CADECOM, a zaulimi ndi a chitukuko cha m'midzi angatithandize pa kayendetsedwe ka magulu ndi ulimi wa bizinesi, ndipo a Chilungamo ndi Mtendere angatiunikire pa nkhani za malo ndi chuma cha masiye.

Chachitatu, tikumbukire amene alibe banja lowathandiza: amayi amasiye, osiyidwa, agogo olera zidzukulu, ndi atsikana amene anabereka pa nthawi ya mliri. Kwa iwowa, ife ndife banja. Kusinthana poona ana tsiku la msika, kuodera limodzi kuti thiransipoti ichepe, kuperekeza mnzathu kwa amfumu pa mlandu wa munda, kugula kwa iye m'malo mopita kwina, zonsezi sizifuna thandizo lochokera kunja. Mutu umodzi susenza denga.

Tisanafike pogawana masheya chaka chino, aliyense wa ife apeze madzulo amodzi okhala pansi ndi a pabanja pake, n'kufunsana mafunso atatu. Pa ndalama ikubwerayi, mbewu ndi iti ndipo yodya ndi iti? Tsiku la msika, ntchito za pakhomo agwire ndani popanda mwana kujomba kusukulu? Tsoka likagwa mawa, tidzayamba kugwira pati tisanakhudze mpamba? Mayankho ake alembedwe m'kope, ndipo pamsonkhano wotsatira wa bungwe tidzauzane mmene zayendera.